Mzere Wachisanu

Ine ndinabadwa ndi matenda otsegula zinthu. Wailesi imene bambo anga anabwera nayo kuchokera ku Joni ndinaimasula ndili sitandade faivi, pofuna kuona kumene mawu amachokera. Sindinapezemo chilichonse chimene ndikanachimvetsa, ndipo wailesiyo sinayankhulenso. Bambo sanandimenye. Anatola tizitsulo tonse pamphasa, n'kutimanga m'kansalu, n'kundipatsa. Anati tsiku limene ndidzaibwezere mawu ake ndidzawaitane adzamvere nawo nkhani. Kansalu kaja kakadali m'sutikesi mwanga mpaka lero.

Matendawo sanandichoke. Pano ndine mphunzitsi wa sayansi pasukulu ina ya sekondale yoyendera, kumtunda kuno kwa Tsangano, koma anthu a m'mudzi mwathu amandidziwa ndi mafoni kuposa ndi choko. Foni ikagwera m'chitsime, ikakana kutchaja, kaya ikayamba kugwira netiweki ya ku Mozambique mwini wake ali chikhalire pakhonde pake, amabwera nayo kwa ine. Sola yoyamba m'mudzi muno ndinaikweza ndine padenga la bambo, anthu akundiseka kuti kudera kumene nkhungu imatha masiku atatu osasuntha, dzuwa lake ndilitenga kuti. Zinthu zimenezi ndimazikonda, sindibisa. Foni yatsopano ndikaigwira m'manja, ngakhale ya mwini wake, ndimaiwala kuti ndili ndi imvi.

Koma chimene chinanditenga mtima kwenikweni ndi zakumwamba, osati kumwamba kumene timakumva Lamulungu ayi, koma kwa mwezi ndi nyenyezi. Roketi ikamanyamuka kulikonse padziko lapansi, ine ndinkadziwa tsiku lake ndi ola lake. Mafilimu a anthu oyenda m'zombo kupita kumaiko a nyenyezi zina ndinkawaonera mobwerezabwereza, ndipo aliyense wonena kuti ndi zabodza za ana ndinkalimbana naye mpaka atatopa. Ndinkamuuza kuti foni imene ili m'thumba mwakeyo inayamba ngati bodza m'mutu mwa munthu wina. Amene sindinkagwirizana nawo ndi mafilimu aja a makina oukira anthu n'kulanda dziko. Makina amene ine ndimawadziwa amafa ndi fumbi, chinyezi ndi mphemvu, sangalande ngakhale dimba la kachewere. Anzanga a muofesi ankandifunsa kuti anthu akukafunanji kumwezi feteleza akukwera mtengo chonchi. Ndinkawayankha kuti zanyengo zimene amamva pawailesi asanabzale zimachokera komweko kumwambako, ndipo ndinkayankha mokweza mawu kuposa mmene zinkafunikira.

M'kalasi ndinali ndi mdani mmodzi, kuloweza. Ndinakulira m'sukulu zoimbitsa ana mayankho ngati kwaya, ndipo ndinalumbira kuti ine sindidzachita zimenezo. Mwana akandiyankha ndi mawu a m'buku ndendende ndinkamukhazika pansi n'kumuuza kuti anene m'Chichewa cha kwawo chimene wamva. Ndinkawauza kuti mutu wa munthu si nkhokwe, ntchito yake ndi kuganiza, zosungasunga tizisiyire makina chifukwa iwo saiwala. Mawu amenewa ndinawanena kambirimbiri moti ana ankandimalizira ndisanafike kumapeto. Sindinaone kuti nawonso anali atawaloweza.

Bambo anga anali munthu wa mtundu wina. Anapita kumigodi ya ku Joni ali mnyamata, n'kukhalako zaka zambiri, akubwera n'kubwereranso monga ankachitira amuna ambiri a kuno. Anabwerako ndi wailesi ija, njinga, jekete lolemera la bulauni, ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka kumapeto. Ankati tsiku limene azungu anaponda pamwezi iwo anali pansi penipeni, akuboola mwala. Atatuluka ndi chikepe madzulo anamva kapitawo akuuza anthu kuti kumwezi kwafika munthu. Anayang'ana kumwamba, n'kuona mwezi uli pomwepo ngati masiku onse, basi n'kupita kukasamba. Nkhani imeneyi ankaikonda, ndipo ankaimaliza pondiloza ndi ndodo n'kunena kuti banja lathu ndi lodabwitsa, tate anatsika, mwana akufuna kukwera, wokhala pamtunda n'kulima palibe.

Ankanditchula kuti aphunzitsi, mwaulemu wake komanso monyodola pang'ono. Sankadana ndi zinthu zangazo ayi. Nyali ya sola ankainyadira, ndipo alendo akabwera ankaiyatsa masanasana kuti aione. Tsiku lina, maso awo akadali bwino, ndinawaonetsa pafoni chithunzi cha dziko lapansi monga limaonekera kumwamba. Anafunsa kuti Ntcheu ili pati. Ndinakoka chithunzicho ndi zala mpaka msewu wa ku Tsangano unaoneka, kenako tchalitchi chathu, kenako denga lawo lomwelo, kasola kali mbee pamwamba. Anayang'ana nthawi yaitali.

“Denga aliona,” anatero. “Koma akudziwa kuti okhala m'menemo ndi ana a yani?”

Ndinaseka, n'kuwauza kuti zimenezo makinawo alibe nazo ntchito. Iwo sanaseke.

Ife ndife Angoni, ngakhale Chingoni chenichenicho chinatithawa pakamwa kalekale. Timayankhula Chichewa, timapemphera m'Chichewa, timakangana m'Chichewa. Chimene chinatsala ndi mawu ochepa a m'nyimbo za ngoma, ndiponso zithokozo. Zithokozo ndi mawu otamanda mfunda, otchula makolo mmodzimmodzi ndi zimene ankadziwika nazo, kuyambira wapafupi kubwerera m'mbuyo mpaka kwa amene anawoloka mitsinje pobwera kuno. Mfunda uliwonse uli ndi zake. Pabanja pathu mwambo unali wakuti mwamuna wamkulu akamwalira, mkulu wampingo akatha pemphero la kumanda, mwana wake wamwamuna woyamba amaima kumutu kwa manda n'kutchula zithokozo zonse, kuti amene anatsogola adziwe kuti akubwerayo ndi wawo. Ampingo sankaletsa, ankangozyolika n'kudikira. Bambo anawachitira atate awo, ine ndili wamng'ono, ndipo chimene ndimakumbukira n'chakuti zinatenga nthawi ngati nyimbo ziwiri za m'tchalitchi. Abale awo aamuna anali atatha onse, wina anatsakamira ku Joni komweko osamvekanso. Wodziwa mawuwo anatsala iwo okha, ndipo m'nyumba mwawo mwana wamwamuna ndinali ine ndekha.

Kaphunzitsidwe kake kanali kamodzi basi. Wamkulu amatchula mzere, wamng'ono amavomera pobwereza mzere womwewo, ndipo wamkulu sapita kutsogolo kufikira atamva kuti wavomera bwino. Bambo anaphunzira chomwecho kwa atate awo ali kubusa, ndipo ankafuna kuti inenso ndiphunzire chomwecho.

Anayamba kundipempha mayi atangomwalira. Ine ndinkazengereza. Nthawi zina ndinkati kuli mayeso, nthawi zina ndinkati ndichite kaye tchuthi. Tsiku lina ndinawauza zoona zake, kuti sindikuona nzeru yoloweza mawu amene sindikumva tanthauzo lake, pamene ine ndemwe ndimaletsa ana kuchita zimenezo kusukulu. Ndinaganiza kuti akwiya. Anangoti nawonso si onse amene amawamva, ena anangowasenza monga anawalandirira, ndipo tsopano khosi lawawa akufuna wowatula. Ndinachita manyazi pang'ono, koma manyazi anga sakhalitsa ndikapeza yankho la makina. Ndinawauza kuti ndidzabwera ndi foni, iwo adzayankhula, foniyo idzagwira zonse, ndipo mawuwo sadzatayikanso mpaka kalekale. Anafunsa ngati ineyo ndidzakhalepo. Ndinati ndidzakhalapo.

Pa nthawiyi ng'ala inali itawaphimba maso onse awiri. Ankasiyanitsa kuwala ndi mdima, koma munthu ankamudziwa ndi mawu. Amene ankawasamala tsiku ndi tsiku anali achemwali anga aakulu, amene anabwerera pakhomo ukwati wawo utatha. Ine ndinkakhala kunyumba za sukulu, n'kumabwera Loweruka.

Tinagwirizana Loweruka lina m'mwezi wa Julaye, kukuzizira kolowa m'mafupa. Vuto linali lakuti masana a tsiku lomwelo kudziko lina lakutali kunkanyamuka roketi yaikulu imene ndinakhala ndikuidikira miyezi yambiri. Sindinafune kusintha tsiku la bambo, sindinafunenso kuphonya roketi. Ndinaona kuti zonse ziwiri zitheka, poti ndinali ndi mafoni awiri. Ina yakale, yogwira mawu bwino, inali ya bambo. Ina yatsopano, yothira kale bandulo, inali m'thumba la malaya. Netiweki yoonera kanema m'mudzi mwathu imapezeka malo amodzi okha, pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, mtunda wa mphindi zisanu kuchokera pakhomo.

Nditafika ndinapeza bambo atameta ndevu, atavala jekete lawo la ku Joni, atakhala pampando wawo m'chipinda chochezera. Jeketelo ankalivala pa mgonero ndi pamaliro pokha. Achemwali anali atawasambitsa m'mawa n'kupita kudimba kukakumba kachewere wa pamsika. Ndinaika foni yakale ija pa kampando patsogolo pawo, n'kuiyatsa, n'kuwauza kuti ayambe. Anandiuza kuti ndikhale pansi pamphasa, osati pampando, chifukwa mawuwa amalandiridwa munthu ali pansi. Ndinakhala.

Anatsokomola, n'kutchula mzere woyamba. Mawu awo anasintha, anakhala aakulu ngati a munthu wina wamng'ono kuposa iwo. Ndinavomera. Anandikonza penapake pofunika kuliza lilime, ndinabwereza, anapitirira. Wachiwiri, wachitatu. Diso langa linali pawotchi. Pamzere wachinayi ndinaona kuti kwatsala mphindi khumi kuti roketi inyamuke, ndipo mmene tinkayendera sitikanamaliza ngakhale pa ola lathunthu. Ndinavomera mzerewo mothamanga, n'kunena kuti, “Pitirizani, bambo, foni ikugwira zonse.” Kenako ndinadzuka pang'onopang'ono, nsapato zili m'manja, n'kunyang'ama mpaka pakhomo. Chitseko chinali chotsegula kale. Mumtima ndinkati ndikangoona kunyamukako n'kubwerera, sadziwa n'komwe.

Roketiyo sinanyamuke. Ndinaima pachulu paja, mphepo ikundimenya, ndikuyang'ana chithunzi cha chinthu choyera chitaima chilili, utsi ukutuluka m'mbali. Anawerenga nthawi, n'kuimitsa, n'kuyambanso, n'kuimitsanso. Pomaliza analengeza kuti kuli mitambo, adzayesa tsiku lina. Ndinataya mphindi makumi anayi ndi bandulo yonse. Ndinabwerera ndili wokwiya, n'kupeza bambo ali pomwe ndinawasiya, manja ali pamaondo. Tinayankhulana mawu ochepa, ndinazimitsa foni, n'kuona kuti yajambula pafupifupi ola lathunthu. Ndinakhutira kuti zonse zalowa.

Kusunga ndiye ndinasunga mwaluso. Mawuwo ndinawaika pa memori khadi, ndinawakoperanso pa laputopu, ndinawatumizanso pa intaneti kuti ngakhale nyumba itapsa asatayike. Ndinafika powauza ana a fomu firii kuti ine ndapulumutsa chuma cha makolo anga ndi chala chimodzi, ndipo aphunzirepo kanthu. Chimene sindinachite ndi kumvera. Ndinkati ndidzamvera ndikadzapeza nthawi yabwino, ndili ndi kope ndi cholembera. Chinthu ukachisunga malo atatu umakhala ngati wachidziwa kale.

Patapita milungu ingapo, tikuwotha dzuwa pakhonde, bambo anandifunsa ngati ndinamvera zija. Ndinati ndinamvera, zinamveka bwino kwambiri. Analozetsa nkhope kumene kunkachokera mawu anga, kenako anati, “Chabwino, aphunzitsi.” Sanaitchulenso nkhaniyo. Pa zonse zimene ndinalakwa, bodza limeneli ndi limene limandiwawa kwambiri, chifukwa anali atanditsegulira khomo kuti ndibwerere, ine n'kulitseka ndekha.

Anamwalira mu Febuluwale, chimanga chikumasula, Lachitatu masana. Chifuwa chija chinawatenga. Maliro anakonzedwa kuti aikidwe Lachisanu podikira abale a ku Manjawira ndi ku Kandeu. Lachinayi m'mawa anandiitanira pambali bambo ena achikulire, mnzawo wa bambo amene anali nawo limodzi kumigodi, munthu wa mfunda wina koma wodziwa mwambo wa pakhomo pathu. Anandifunsa ngati ndakonzeka za kumanda. Ndinawauza kuti asadandaule, zonse ndili nazo pafoni, ndingozilemba papepala n'kukawerenga. Anangogwedeza mutu n'kubwerera pamene panali amuna.

Ndinatenga foni, mahedifoni, kope ndi cholembera, n'kulowa m'munda wa kuseri kwa nyumba, kutali ndi nyimbo za amayi. Kunali kutagwa mvula mbandakucha ndipo chimanga chinali chonyowa. Ndinakhala pamzere, n'kuyatsa.

Ndinamva kutsokomola kwawo, kenako mzere woyamba. Misozi inabwera nthawi yomweyo, koma ndinalemba. Ndinamva mawu anga akuvomera, aulesi, ngati a mwana amene akukakamizidwa kupepesa. Wachiwiri, wachitatu, wachinayi. Ndinadzimva ndikunena kuti apitirize, foni ikugwira zonse. Kenako kunamveka kukhwekhwereza kwa mphasa, pang'ono kwambiri, koma ine ndinadziwa kuti ndi ine ndikudzuka.

Bambo anatchula mzere wachisanu. Anadikira. Anautchulanso, pang'onopang'ono, akulekanitsa mawu monga amachitira munthu akaganiza kuti wophunzirayo wasokonezeka. Anadikiranso. Anautchula kachitatu.

“Aphunzitsi?” anatero.

Kunja kunkamveka nkhuku.

“Mwana wanga, kodi wachoka?”

Cholembera chinali chikadali pakope, ndikudikira mzere wachisanu ndi chimodzi. Ndinadziuza kuti apuma kaye, ayambiranso. Ndinamva mpando ukulira, ndodo ikugogoda pansi pafupi ndi mphasa, uku ndi uku, akufufuza ngati pali munthu. Anaitana achemwali, koma iwo anali kudimba. Kenako anayankhula ndi foniyo. Anati, “Nanga iwe kanthu iwe, akuti umagwira zonse, sungavomere?” Anaseka pang'ono, kusekako n'kusanduka chifuwa chimene chinawagwira nthawi yaitali, popanda wowapatsa madzi.

Sanapitirize. Sakanapitiriza, chifukwa m'moyo wawo wonse sanamvepo mawu amenewa akunenedwa kwa mphasa yopanda munthu. Ine ndinkadziwa lamulo lake, anandiuza, koma ndinalitenga ngati kakhalidwe chabe ka okalamba kamene makina akhoza kukalumpha. Ndinathamangitsa mawuwo kutsogolo, n'kubwerera, n'kuthamangitsanso, ndikufuna paliponse pamene pangakhale Chingoni. Panalibe. Ndiye ndinabwerera pamene ndinasiyira n'kumvera zonse bwinobwino, mphindi makumi anayi zathunthu, chifukwa ndinaona kuti ndiyenera kukhala nawo nthawi imene ndinawathawa ija. Munali kupuma kwawo kolemera, njinga yamoto ikudutsa kumsewu, mbuzi, ndi pena pake kanyimbo kakumigodi kamene anakang'ung'udza n'kukasiya pakati.

Kumapeto kunamveka mapazi olemera akulowa, nsapato zili kuphazi tsopano. Anali ine. Sindinabise n'komwe kuti ndinachoka, mkwiyo wa roketi unali utandiiwalitsa.

“Afika bwino anzanuwo?” anafunsa bambo. Ndinali nditawauza za roketiyo sabata yathayo, ndipo anali atazindikira okha kumene ndinapita.

“Sananyamuke n'komwe, bambo. Akuti mitambo.”

“Pepani. Adzanyamuka tsiku lina.”

“Mwamaliza?”

Panadutsa kanthawi. Tsiku lija sindinakaone kanthawi kameneka, koma m'mahedifoni kanali kakatali.

“Ndamaliza. Zimitsani.”

Ndinakhala m'chimanga muja mpaka buluku linanyoweratu. Ndinachita mantha, ndinachita manyazi, ndipo ndinadzida. Kenako ndinayamba kuthamangathamanga ngati kuti kuthamangako kukonza kanthu. Ndinapita kwa achikulire aja a kumigodi. Anati zithokozo za mfunda wawo amazidziwa, koma za eni ake sangazitchule, ndipo ngakhale akanafuna, anazimva kamodzi kokha zaka zambiri zapitazo. Ndinafunsa abale a ku Kandeu atafika madzulo, wina anakumbukira mawu awiri, wina anati si amenewo. Ndinafufuzanso pa intaneti, nditaima pachulu chomwe chija, ngati kuti agogo anga aliko. Pomaliza ndinawauza achemwali. Ndinawapatsa mahedifoni kuseri kwa khitchini. Anamvera mpaka pamene bambo anafunsa ngati ndachoka, n'kuvula, n'kundibwezera m'manja. Anati tsiku limenelo atabwerako kudimba anawapeza bambo akadali m'jekete, ndipo anakana kulivula mpaka dzuwa litalowa, akuti mwina aphunzitsi abweranso. Kenako anabwerera kukaphika.

Lachisanu kumanda kunali matope. Mkulu wampingo anapemphera, n'kutseka buku, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono. Adzukulu anaima ndi makasu awo. Anthu achikulire amene ankadziwa mwambo wathu anatembenukira kwa ine. Ndinaima kumutu kwa manda popanda pepala, chifukwa mizere isanu ija inali italowa yokha m'mutu, ndinali nditaimvera kosawerengeka. Ndinatchula woyamba, lilime likulira pamene anandikonza paja. Wachiwiri, wachitatu, wachinayi. Ndinatchula wachisanu, n'kuima. Kutsogolo kunalibe kanthu.

Sindikudziwa chimene chinandichititsa, koma ndinautchulanso, pang'onopang'ono, monga anachitira iwo. Ndinautchula kachitatu. Anthu ena ankaganiza kuti chisoni chandigwira, ena ankadziwa. Achikulire aja a kumigodi anabwera n'kundigwira pamkono, n'kuwakodola adzukulu kuti ayambe kukwirira. Bambo anga anapita atatchulidwa makolo asanu okha, pamene iwo anawatchulira atate awo onse mpaka kumitsinje.

Anthu ena ananditonthoza kuti Mulungu amadziwa ake popanda zithokozo. Ndine Mkhristu, ndikukhulupirira zimenezo. Koma si Mulungu amene anameta ndevu n'kuvala jekete Loweruka lija.

Papita zaka ziwiri. Mafoni ndikukonzabe, ndipo sindinayambe kudana ndi makina, chifukwa foni ija sinalakwe kanthu. Inachita ntchito yake mokhulupirika kuposa ine, inakhala pamene ndinaiika n'kugwira zonse zimene zinalipo. Roketi ija inanyamuka patapita masiku ochepa, ndinangomva kwa ana asukulu. Ndimakhulupirirabe kuti anthu adzafika kutali kumwambako, ndipo ndikufuna kuti mwa iwo mudzakhale mwana wa kuno kumapiri. Kuloweza mayankho a mayeso ndimakanabe. Koma mawu aja akuti zosungasunga tizisiyire makina ndinasiya kuwanena. Ana a chaka chatha anandikumbutsa, akuti azikulu awo anawauza kuti ndinkakonda kuwanena, ine ndinangoti titsegule mabuku.

Mwana wanga wamwamuna ali ku koleji ku Lilongwe. Atabwera patchuthi ndinamukhazika pamphasa n'kumuphunzitsa mizere isanu ija, ine kutchula, iye kuvomera. Anaigwira msanga. Titafika pamapeto anafunsa kuti kenako, ndipo ndinamuuza zoona zonse, osachotsapo kanthu. Anandipempha kuti ndimutumizire mawu a agogo akewo pafoni pake. Ndinakana. Ndinati akafuna kuwamva azibwera, tizimvera limodzi.

Ine ndimawamvera Loweruka lina ndi lina masana, m'chipinda chomwe chija, achemwali akapita kudimba. Ndimaika foni pa kampando, n'kukhala pansi pamphasa. Bambo akatchula mzere wachisanu ndimavomera mokweza, mosaphonya ngakhale pamodzi, lilime likulira pamalo pake. Iwo amadikirabe. Amautchulanso kachiwiri, ndimavomera, kachitatu, ndimavomera. Kenako amagogoda ndodo pafupi ndi mphasa n'kufunsa ngati ndachoka.